Mdima wa kumudzi ndi nyenyezi zimene umaulula

Munthu amene anabadwira ndi kukulira ku Ndirande kapena ku Kawale akapita kukagona kumudzi kwa makolo ake, tinene kumapiri a ku Ntchisi m'mwezi wa Julayi, n'kutuluka panja chakudya chamadzulo chitatha, nthawi zambiri amafunsa ngati kukukonzeka mvula. Chimene chimamusokoneza ndi mzere woyera wooneka ngati utsi, umene umang'amba thambo pakati kuchokera kummwera chakumadzulo mpaka kumpoto chakum'mawa. Umenewo si mtambo ayi, ndi Mlalang'amba, ndipo wakhala ukudutsa pamwamba pa denga lake la mumzinda moyo wake wonse, kungoti magetsi ankamubisira. Kuti munthu auone bwino pamafunika zinthu zinayi zigwirizane, zomwe ndi malo, maso, mwezi ndi nyengo, ndipo chimodzi chikaphonyeka ulendo wonse umapita pachabe.

Magetsi a mumzinda sazimitsa nyenyezi, koma amawalitsa thambo lenilenilo. Kuwala kochokera m'misewu, m'masitolo ndi m'mipanda ya nyumba kumakwera m'mwamba, kumaomba fumbi, utsi ndi mpweya, kenako n'kumwazika kubwerera pansi, moti thambo limene likanakhala lakuda limasanduka lotuwa. Nyenyezi yofooka ikakhala pa thambo lotuwa sioneka, monga mmene ufa wotayika pamchenga woyera suonekera. Mababu oyera kwambiri amene afala masiku ano amavutitsa koposa, chifukwa kuwala kopita kubuluu kumamwazika mumpweya kuposa kuwala kopita kuchikasu. Kafukufuku amene Fabio Falchi ndi anzake anafalitsa mu 2016 anapeza kuti anthu opitirira 80 pa 100 alionse padziko amakhala pansi pa thambo loipitsidwa ndi kuwala, ndipo munthu mmodzi mwa atatu alionse sangaone Mlalang'amba ali kwawo. Okonda nyenyezi amayeza mdima pa sikelo imene John Bortle anaikonza mu 2001, yoyambira pa 1, pamene pali mdima weniweni, kukafika pa 9, pakatikati pa mzinda waukulu. Pamdima weniweni diso labwino limaona nyenyezi pakati pa 2,000 ndi 3,000 nthawi imodzi, pamene pakati pa mzinda waukulu munthu akhoza kuziwerenga zonse n'kumaliza asanatope. Kuwala kwa mzinda kumaoneka patali ndithu ngati chiphiri chotuwa m'mphepete mwa thambo, choncho wofuna mdima ayenera kutalikirana ndi Lilongwe kapena Blantyre makilomita makumi angapo, ndipo ngati n'kotheka aike phiri pakati pa iye ndi mzindawo.

Anthu ambiri amalephera pa nkhani ya maso, chifukwa amatuluka m'nyumba yowala, n'kuyang'ana kumwamba mphindi ziwiri, n'kubwerera akunena kuti palibe chachilendo. Mkati mwa diso, chakumbuyo, muli timaselo ta mitundu iwiri tolandira kuwala. Tamtundu woyamba timagwira ntchito masana ndipo ndi timene timasiyanitsa mitundu ya zinthu. Tamtundu wachiwiri ndi tausiku, timamva ngakhale kuwala kochepetsetsa, koma timadalira mankhwala ena amene thupi limapanga, omwe amasungunuka akangoombedwa ndi kuwala kwamphamvu ndipo amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti abwererenso. Kungoyang'ana foni kamodzi kumabwezera munthu poyambira. Apa mpamene mwambi wa akuluakulu woti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito ndendende: munthu akhale pamphasa, asayatse kanthu, alole theka la ola lidutse, ndipo adzaona nyenyezi zikuchuluka pamalo pamene poyamba panali pakuda. Ngati nyali ikufunika ndithu, aikulunge ndi pepala lofiira, pakuti kuwala kofiira ndi kochepa mphamvu sikusokoneza kwambiri timaselo tausiku. Mankhwala a m'maso aja thupi limawapanga kuchokera ku vitamini A, n'chifukwa chake mwana wosowa vitamini ameneyu amayamba kupunthwa kukangoda, chinthu chimene makolo sayenera kuchinyozera.

Pali kaluso kenanso kamene kamadabwitsa woyamba kumene. Pakatikati penipeni pa diso, pamene timaonera tikalunjika chinthu, palibe timaselo tausiku. Chotero kanthu kofooka kamaoneka bwino munthu akayang'ana pambali pake pang'ono kusiyana ndi kukalunjika, ndipo kamtambo kamene kamazimirira ukakayang'anitsitsa kamatulukiranso ukangosuntha maso.

Mwezi ndi mdani wamkulu wa nyenyezi zofooka, ngakhale kumudzi kumene kulibe babu ndi limodzi lomwe. Usiku umene atsikana amavina chitelera pabwalo, mwezi uli ngwee, si usiku woonera Mlalang'amba. Mwezi umatenga masiku pafupifupi 29 ndi theka kuchokera pamene wakhala kufika pokhalanso, ndipo tsiku lililonse umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50. Zimenezi zikutanthauza kuti pakatha masiku anayi kapena asanu mwezi utakhala wathunthu, madzulo amayamba kukhala amdima kwa maola angapo mwezi usanatuluke, ndipo mdimawo umapitirira kutalika mpaka mwezi watsopano utaoneka kumadzulo ngati kachikwakwa. Masiku khumi ndi angapo amenewo ndiwo oyenera kuwasunga. Kuno kwathu tilinso ndi mwayi woti dzuwa likalowa mdima suchedwa monga umachitira kumayiko akutali ndi mzere wogawa dziko pakati: m'mwezi wa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo pofika 7 koloko kumakhala kutada kale bii.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Kuyambira Meyi mpaka chakumayambiriro kwa Ogasiti mvula imakhala itasiya, mpweya uli wouma ndi wozizira, ndipo tchire lisanayambe kupsa kwambiri, choncho imeneyi ndiyo miyezi yabwino koposa, kupatula masiku amene chiperoni chaphimba mapiri a ku Thyolo ndi Mulanje. Ikafika Sepitembala ndi Okutobala, moto wa osaka mbewa ndi wa osadzula minda umadzaza mlengalenga ndi utsi, fumbi limakwera, ndipo nyenyezi za m'mphepete mwa thambo zimazimirira ngakhale kulibe mtambo. Chodabwitsa n'chakuti usiku wina woyera koposa umapezeka m'dzinja, pamene mvula yagwa masana n'kutsuka mpweya, mitambo n'kuchoka usiku. Kukwera pamwamba kumathandiza chifukwa munthu amasiya fumbi lambiri pansi pake. Ku Nyika, kumene chitunda chake chimapitirira mamita 2,000, thambo la mu Juni ndi Julayi limadzaza mpaka munthu kusokonezeka kuti nyenyezi imene amaidziwa ili pati, koma kuzizira kwa kumeneko kumafika poundanitsa mame pa udzu, ndiye bulangete limodzi silikwanira. Kunyanja nako kuli mdima wabwino, ngakhale kuti nyali za asodzi a kauni zikandandalika pamadzi ndi bwino kuzifulatira.

Malo amene dziko lathu lili ndi mphatso imene ambiri sitiidziwa. Malawi ili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati, ndipo pamalo amenewa munthu amaona pafupifupi thambo lonse la kummwera pamodzi ndi gawo lalikulu la thambo la kumpoto. Choposa zonse, pakatikati pa Mlalang'amba pamadutsa pafupifupi pamutu pathu penipeni, pamene munthu wa ku London amapaona pang'ono chabe, pansi m'mphepete mwa thambo. Mlalang'amba ndi gulu la nyenyezi zoposa mabiliyoni 100, dzuwa lathu lili imodzi mwa izo, ndipo gululi ndi lophwatalala ngati lichero. Ife tili mkati mwa licherolo, chakumbali, ndiye tikayang'ana motsata kuphwatalala kwake maso athu amakumana ndi nyenyezi zochuluka zedi zimene kuwala kwake kumasakanikirana n'kukhala ngati utsi, pamene tikayang'ana kumwamba kapena kunsi kwa lichero timaona nyenyezi zapatalipatali. Mitunda yake ndi yosayezeka ndi makilomita, choncho amaiyeza ndi ulendo wa kuwala. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kumachoka ku dzuwa kufika kuno m'mphindi zisanu ndi zitatu ndi masekondi ochepa, koma kuchokera pakatikati pa Mlalang'amba kumayenda zaka pafupifupi 26,000.

Pakatikati pamenepo mposavuta kupapeza. M'mwezi wa Julayi, cha m'ma 8 kapena 9 koloko usiku, pamutu pamakhala nyenyezi yofiira yotchedwa Antares, ndipo kuchokera pa iyo nyenyezi zina zimandandalika n'kupindika ngati mchira wa chinkhanira. Chakum'mawa kwa mchirawo Mlalang'amba umatupa ndi kuwala kwambiri, ndipo kumeneko ndiko kuli chimake. Woyang'anitsitsa adzaona kuti mzerewo suli wosalala, uli ndi mipata yakuda ngati nsalu yong'ambika. Mipatayo si malo opanda nyenyezi, koma ndi mitambo ikuluikulu ya fumbi ndi mpweya imene ikutchinga kuwala kwa nyenyezi za kuseri kwake, ndipo m'mitambo yotereyi ndimo mumabadwa nyenyezi zatsopano. Kwa ine, kuoneka kwa mipata yakuda imeneyi ndiwo muyeso wodalirika wa mdima wa malo, woposa sikelo iliyonse, chifukwa pamalo pamene pali kuwala ngakhale pang'ono ndiyo imayamba kufafanizika.

Kutsatira Mlalang'amba chakummwera kumafikitsa munthu pa nyenyezi zinayi zopanga mtanda waung'ono, umene umatchedwa Mtanda wa Kummwera, ndipo pambali pake pali banga lakuda bii looneka ngati thumba la makala. Nyenyezi ziwiri zowala kwambiri zimaloza mtandawo, ndipo yowala koposa mwa ziwirizo, Alpha Centauri, ndiyo nyenyezi yooneka ndi maso imene ili pafupi kwambiri ndi dzuwa lathu, pa ulendo wa kuwala wa zaka zinayi ndi miyezi ingapo. Mtanda umenewu ndi kampasi ya munthu wosokera usiku. Akatenga mzere wake wautali n'kuutalikitsa m'maganizo kanayi ndi theka kupyola kuphazi kwa mtanda, amafika pa malo opanda nyenyezi yowala amene thambo lonse la kummwera limazungulirapo, ndipo kutsika molunjika kuchokera pamenepo kufika pansi ndiko kummwera kwenikweni. Kutalika kwa malowo kuchokera m'mphepete mwa thambo kumafanana ndi madigiri a pamene munthu waima: pafupifupi 10 ku Karonga, 14 ku Lilongwe ndi 16 ku Blantyre. Chibakera cha dzanja lotambasulidwa chimaphimba madigiri pafupifupi 10, ndiye aliyense akhoza kudziyezera yekha. Mtandawu umakwera bwino madzulo a Epulo mpaka Juni, koma kuno kwathu umalowa, moti madzulo a Okutobala ndi Novembala munthu akhoza kuufuna osaupeza.

Nyengo imene mtanda watsika ndi imene timitambo tiwiri toyera timakwera kummwera, tooneka ngati zidutswa zimene zinathothoka ku Mlalang'amba. Timitamboti sitiyenda ndi mphepo, timayenda ndi nyenyezi. Azungu anapatsa timitamboti dzina la Magellan, woyenda panyanja wa ku Portugal, ngakhale kuti anthu a kummwera kwa dziko ankationa kalekale iye asanabadwe. Kalikonse ndi mlalang'amba wakewake, kakakulu kali pa ulendo wa kuwala wa zaka pafupifupi 160,000 ndipo kakang'ono pafupifupi 200,000. M'mwezi wa Febuluwale 1987 nyenyezi ina inaphulika m'kamtambo kakakulu n'kuoneka ndi maso kwa miyezi ingapo. M'miyezi yomweyo ya Okutobala ndi Novembala, chakumpoto, pamaoneka kabanga kofooka kotalika ngati njere ya mpunga, komwe ndi mlalang'amba wa Andromeda. Kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi mamiliyoni awiri ndi theka, ndipo apa mpamene kaluso koyang'ana pambali kamathandiza.

Chifukwa choti dziko limazungulira dzuwa, nyenyezi iliyonse imafulumira kutuluka ndi mphindi pafupifupi zinayi tsiku lililonse, zomwe pamwezi zimakwana maola awiri, ndipo chaka chikatha zonse zimabwerera pamalo pake. Makolo athu sankadziwa masamu amenewa pa pepala, koma ankadziwa zotsatira zake, ndipo mayina amene anasiya ndiwo umboni. Nsangwe ndi kagulu kothithikana ka nyenyezi zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri zooneka ndi maso, kamene kamaoneka kum'mawa kukangoda m'mwezi wa Novembala, chizimalupsa chitagwa kale ndipo mvula yodzalira ili pafupi. Kagulu komweka Azulu amakatcha isiLimela ndipo Aswahili amati Kilimia, mayina onse awiri ochokera ku mawu oti kulima. Kumbuyo kwa Nsangwe kumabwera nyenyezi zitatu zondondozana pa mzere wowongoka, zimene dzina lake ndi Akamwiniatsatana, dzina limene munthu wodziwa chikamwini amalimva popanda womumasulira. Mbali imodzi ya zitatuzo kuli Rigel yoyera mopita kubuluu, mbali inayo kuli Betelgeuse yofiira, ndipo kusiyana kwa mitunduyi kukusonyeza kutentha: yofiira ndiyo yozizirako, yabuluu ndiyo yotentha koposa, mosiyana ndi mmene timaganizira za moto wa nkhuni. Mzere wa Akamwiniatsatana ukautalikitsa chakummwera chakum'mawa umakafika pa Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse za usiku. Mabuku ambiri ochokera ku Ulaya amati zimenezi ndi nyenyezi za nyengo yozizira ndipo amazijambula chadodolido poyerekeza ndi mmene timazionera, choncho wophunzira asadzikayikire akaona kuti buku ndi thambo zikutsutsana.

Nthanda, imene imadzutsa wa paulendo mbandakucha, si nyenyezi kwenikweni koma ndi pulaneti Venus, ndipo ndi yomweyo imene nyengo zina imawala kumadzulo dzuwa litangolowa. Nthano yakale ya Amang'anja imati mwezi uli ndi akazi awiri, Chekechani wa kum'mawa amene amamana mwamuna wake chakudya mpaka kuonda, ndi Puikani wa kumadzulo amene amamudyetsa mpaka kunenepa. Nthanoyi inamangidwa pa kuona kolondola, pakuti mwezi umene ukutha umapezekadi kum'mawa mbandakucha kufupi ndi Nthanda, pamene mwezi wongokhala kumene umapezeka kumadzulo n'kumakula usiku ndi usiku. Mapulaneti amasiyana ndi nyenyezi pa zinthu ziwiri: kawirikawiri sathwanima, chifukwa ali pafupi ndipo kuwala kwawo sikugwedezeka msanga ndi mpweya, komanso amasuntha pang'onopang'ono pakati pa nyenyezi pakapita masabata. Amene ali ndi bainokyula wamba, akaitsamiritsa pa mpanda kuti isanjenjemere, akhoza kuona timadontho tinayi pambali pa Jupiter, yomwe ndi miyezi yozungulira pulanetiyi, imene katswiri wa ku Italy Galileo anaiona mu 1610.

Zowala zoyenda m'mwamba zimafunika kuzifotokoza mosapita m'mbali, chifukwa m'midzi mwathu zakhala zikubala mantha ndipo nthawi zina kunamizira anthu osalakwa, makamaka okalamba, kuti akutamba. Kadontho kowala kamene kamayenda mwakachetechete, mosathwanima, kwa mphindi zingapo kukangoda kapena kusanache, n'kuzimirira pakati pa thambo, ndi setilaiti imene ikuombedwa ndi dzuwa pamene pansi pano pada kale, ndipo imazimirira ikalowa mumthunzi wa dziko. Yowala kwambiri ndi siteshoni ya mumlengalenga mmene mumakhala akatswiri, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90. Timadontho tambiri tondondozana ngati sitima ndi masetilaiti a intaneti a Starlink amene angoponyedwa kumene. Nyenyezi imene timati yathothoka ndi kamwala, nthawi zambiri kosaposa njere ya mchenga kapena ya chimanga, kamene kakupsa polowa mumpweya pa liwiro lalikulu. Kawirikawiri timiyalati timathera m'mwamba, koma wina waukulu umafika pansi, monga mwala wolemera makilogalamu pafupifupi 93 umene unagwa m'boma la Machinga mu Januwale 1981. Cha pa 5 ndi 6 Meyi chaka chilichonse, mbandakucha, timiyala totere timagwa tambiri chifukwa dziko limadutsa m'fumbi limene nyenyezi ya mchira ya Halley inasiya, ija inaoneka mu 1986 ndipo idzabweranso mu 2061. Pa chifukwa chomwecho cha mantha, mlendo amene akufuna kukakhala kudambo kapena paphiri usiku ayambe wauza amfumu ndi eni mudzi, ndipo ndi bwino kwambiri kupita nawo limodzi.

Sindingayamikire mdima wa kumudzi ngati kuti ndaiwala chimene ukutanthauza. Mdima womwewo ndi umene mayi amaberekeramo mounikiridwa ndi tochi, ndiponso umene mwana wa sukulu amalepherera kuwerenga. Magetsi ayenera kufika m'mudzi uliwonse, ndipo afike msanga. Koma pano mwambi woti walira mvula walira matope suyenera kutigonjetsa, chifukwa matope amenewa ngopeweka. Kuwala kumene kumaononga thambo ndi kumene kwathawira m'mwamba ndi m'mbali, komwe sikuthandiza aliyense ndipo ndi ndalama yotayika. Babu la panja likavekedwa chipewa choti liunike pansi pokha, likakhala lopita kuchikasu, ndiponso likazimitsidwa pamene palibe wolifuna, khomo limaoneka bwino ndipo nyenyezi zimatsala. Ku South Africa anakhazikitsa lamulo mu 2007 loteteza madera a ku Northern Cape kumene kuli matelesikopu akuluakulu, ndipo ku Namibia malo a NamibRand anavomerezedwa mu 2012 kukhala malo otetezedwa chifukwa cha mdima wake, moti alendo amalipira ndalama kukagona kumeneko kuti aone zimene mwana wa ku Ntchisi amaona akatuluka kukataya madzi. Ndikhulupirira kuti Nyika ndi mapiri a Viphya akhoza kuchita chimodzimodzi.

Chimene chikutha msanga kuposa mdima ndi mayina. Pulogalamu ya pafoni monga Stellarium imauza munthu dzina lachilatini kapena lachiarabu la nyenyezi iliyonse imene waloza, koma mayina a m'zinenero zathu ali m'mitu ya agogo, ya asodzi akale a ku Nkhotakota ndi ya alenje opuma, ndipo amatuluka pokhapokha wina akawafunsa ali nawo panja, chala chikuloza kumwamba. Nthawi yabwino yofunsira ndi mbandakucha wa kumapeto kwa Julayi, cha m'ma 4:30, tambala atalira kale. Pa ola limenelo chimake cha Mlalang'amba chimakhala chitalowa kumadzulo, timitambo tiwiri tija tili kummwera, Nsangwe yakwera kumpoto chakum'mawa, Akamwiniatsatana angotuluka kumene, ndipo Sirius ikusuzumira m'mphepete mwa thambo, kutatsala miyezi inayi kuti nyenyezi zomwezi zidzaonekenso madzulo pamwamba pa minda yogalauzidwa.